Pakhosi pa felemu musadulepo

Achimwene, mwafunsa ngati mungadule felemu ya mota (njinga yamoto) yanu ya 150cc kuti itsike ngati zachionetsero zija. Dulani kumbuyo kokha, kumene kumakhala mpando. Pakhosi, pansi pa chiwongolero, musakhudzepo. Mpomwe adadinda nambala ya chassis, ndipo ikasiyana ndi ya mu livrete (chikalata cha kaundula wa mota), apolisi apamsewu sadzamva zoti mumangokongoletsa. Komanso wowotcherera akangopotoza pang'ono, mota izikokera mbali imodzi.

Injiniyo imazizira ndi mphepo, ndiye musaiphimbe ndi malata. Ku Ulongué, komwe kumazizirako, ingapirire, koma mumzinda wa Tete mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40.

Penti poperani m'mamawa, mutawaza madzi pansi kuti fumbi lisadzuke. Thanki muitsuke kaye mpaka fungo la petulo litheretu musanayandikize moto.