Kodi mluzu ungathandize woimba harmonica?

Funso: Ndakhala ndikuimba harmonica (kachida koimbira kouzira ndi pakamwa) ya mabowo 10 kwa zaka zingapo, koma luso lotsitsa liwu, lija amati bending, likundikanikabe, makamaka pa bowo lachitatu. Mnzanga wina wandiuza kuti ndiziyeserera poimba mluzu. Kodi malangizo amenewa ali ndi maziko?

Yankho: Mnzanuyo wakulangizani bwino. Munthu akamaimba mluzu, chimene chimakweza kapena kutsitsa liwu kwenikweni ndi lilime. Likasunthira kutsogolo, malo a mpweya m'kamwa amachepa ndipo liwu limakwera, koma likabwerera m'mbuyo malowo amakula ndipo liwu limatsika. Pa harmonica zimakhalanso choncho. Bowo lililonse lili ndi tizitsulo tiwiri topyapyala, kena kolira mukauzira, kena kolira mukakoka mpweya, ndipo mukasintha kukula kwa malo a m'kamwa moyenera, tonse tiwiri timanjenjemera pamodzi n'kutulutsa liwu lopezeka pakati pa mawu ake awiriwo.

Apa m'pamene pagona kuvuta kwa bowo lachitatu. Pa harmonica ya kiyi ya C, kuuzira pa bowoli kumapereka G, kukoka kumapereka B, ndipo pakati pake pali mawu atatu, omwe ndi B flat, A ndi A flat. Lilime liyenera kudziwa malo atatu osiyana oimapo, ndipo ineyo ndimaona kuti mluzu umaphunzitsa zimenezi msanga chifukwa khutu limamva kusintha kulikonse nthawi yomweyo.

Yambani opanda chida m'manja. Imbani mluzu mokokera mpweya m'kati, muyambire pa liwu lokwera n'kumalitsitsa pang'onopang'ono, uku mukumvetsera mmene lilime likubwererera m'mbuyo. Mukazolowera, muziima katatu potsikapo, liwu lililonse mulisunge losagwedera. Kenaka tengani harmonica muchite zomwezo pa bowo lachinayi, pomwe D amangotsikira pa D flat basi, ndipo kumbuyo kwa lilime kukwere pang'ono ngati mukufuna kutchula “k”. Bowo lachiwiri libwere pambuyo pake, lachitatu pomalizira.

Chimene simuyenera kutengera kwa mluzu ndi kaikidwe ka milomo. Poimba mluzu milomo imakhala yosongoka ndi yolimba, pomwe harmonica imafuna milomo yofewa, chidacho chitalowa ndithu m'kamwa, apo ayi liwu limamveka lopyapyala. Musakokenso mpweya mwamphamvu, pakuti mphamvu imangofooketsa tizitsulo tija. Pa bowo lachisanu musalimbane napo, popeza mawu ake awiri, E ndi F, ndi oyandikana kwambiri moti palibe liwu lathunthu pakati pawo.

Pa mabowo 8, 9 ndi 10 liwu limatsitsidwa pouzira, ndipo lilime limakhala kutsogolo monga pa mluzu wokwera kwambiri. Kulamulira lilime kotereku kudzakuthandizaninso pa overblow, luso lotulutsa liwu lokwera kuposa la masiku onse la bowolo pouzira, limene katswiri wa harmonica wa ku America, Howard Levy, analitchukitsa, lomwe ambiri amayamba kuliphunzira pa bowo lachisanu ndi chimodzi.