Mwafunsa, Tayankha: Munthu amene anawombera Pulezidenti Garfield

Aphunzitsi athu a mbiri anati pulezidenti wina wa ku America anaphedwa ndi munthu amene anamanidwa ntchito. Kodi n'zoona? Anali munthu wotani? (Wophunzira wa Fomu 4, Dedza)

N'zoona ndithu, koma nkhani ya ntchitoyo ndi theka chabe. Pulezidentiyo anali James Garfield, ndipo womuwomberayo anali Charles Guiteau, wobadwa mu 1841 ku Freeport, m'chigawo cha Illinois. Mayi ake anamwalira iye ali mwana. Bambo ake anali otengeka kwambiri ndi ziphunzitso za John Humphrey Noyes, mtsogoleri wa gulu lachipembedzo la Oneida ku New York, ndipo mu 1860 Guiteau anakalowa m'gululo. Sanagwirizane ndi anthu kumeneko, mpaka anachokako.

Kuyambira pamenepo chilichonse chimene anagwira chinamukanika. Anayesa kuyambitsa nyuzipepala, inafera m'mazira. Anakhala loya ku Chicago, koma ntchito yake yeniyeni inali yotolera ngongole za anthu, ndalamazo n'kudya yekha. Anayendayenda ngati mlaliki, akuthawa m'nyumba zogona alendo osalipira. Mkazi wake, amene ankamuzunza, anathetsa banja mu 1874.

Pa chisankho cha 1880 analemba nkhani yokopa anthu kuti avotere Ulysses Grant, pulezidenti wakale. Chipani cha Republican chitasankha Garfield, anangosintha dzina, n'kusindikiza. Anthu amene anaimva anali ochepa zedi, koma iye anatsimikiza mumtima kuti ndi amene anawinitsa Garfield. Malipiro amene ankafuna anali udindo wa kazembe, poyamba ku Vienna, kenako ku Paris. Masiku amenewo ntchito za boma zinkagawidwa kwa ochemerera chipani, choncho kupempha kotereku sikunali kwachilendo. Chachilendo chinali kukakamira kwake: tsiku ndi tsiku ali pakhomo pa maofesi, zovala zitathaitha. Mu May 1881 nduna yoona za maiko akunja, James Blaine, inamuuza maso ndi maso kuti asadzatchulenso za Paris.

Patangopita masiku ochepa, Guiteau anayamba kunena kuti Mulungu wamuuza kuti "achotse" pulezidenti. Chipanicho chinali chogawikana. Mbali ya a Stalwart, yotsogozedwa ndi Roscoe Conkling, inkalimbana ndi Garfield pa nkhani yogawa maudindo, ndipo wachiwiri kwa pulezidenti, Chester Arthur, anali wa mbali imeneyo. M'mutu mwa Guiteau munali zoti Arthur akalowa pampando adzamumasula n'kumuthokoza. Anabwereka madola 15, nagula mfuti yaing'ono ya mtundu wa British Bulldog, n'kumakaphunzira kuwombera m'mbali mwa mtsinje wa Potomac. Anapitanso kukaona ndende imene ankadziwa kuti adzatsekeredwamo.

Pa 2 July 1881, pa siteshoni ya sitima ya Baltimore and Potomac ku Washington, anawombera Garfield kawiri chakumbuyo. Pulezidenti analibe womulondera ngakhale mmodzi.

Ndinamva kuti Garfield anakhala miyezi iwiri asanamwalire. Ngati chipolopolo sichinamuphe pompo, chinamupha n'chiyani? (Namwino, Mzuzu)

Apa ndiye pagona nkhani, anamwino. Chipolopolo choyamba chinangomukwalula pamkono. Chachiwiri chinalowa kumsana chakumanja, chinathyola nthiti, chinaboola fupa la msana koma osakhudza mtsempha waukulu wa m'kati mwake, n'kukaima chakumanzere, kuseri kwa kapamba. Pamene chinaimapo sichinkaononga kanthu, ndipo asilikali ambiri a nkhondo yapachiweniweni ya ku America anakalamba ali ndi zipolopolo m'thupi.

Cholakwika chinayambira pa siteshoni pomwepo. Madokotala anapisa zala zosasamba ndi zitsulo zosawiritsa m'balamo kufunafuna chipolopolo, ndipo anapitiriza kutero kwa masabata. Joseph Lister, dokotala wa ku Britain, anali atafika kale ku America mu 1876 n'kufotokoza za kutsuka manja ndi zipangizo ndi mankhwala a carbolic acid, koma madokotala akuluakulu ambiri ankaona ngati n'zachibwana. Dr. Willard Bliss, amene anadzitengera udindo woyang'anira wodwalayo, ankakhulupirira kuti chipolopolo chili kumanja. Pofunafunapo anaboola njira yatsopano m'mnofu, ndipo kabala kakang'ono kanasanduka ngalande yaitali yodzaza mafinya.

Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, anabwera ndi makina ofufuzira chitsulo m'thupi. Sanathandize pa zifukwa ziwiri: Bliss anamulola kuyeza mbali ya kumanja yokha, komanso bedi linali ndi mawaya achitsulo amene ankasokoneza makinawo. Garfield ankasanza chakudya, thupi linatsika kuchoka pa makilogalamu pafupifupi 95 kufika pa 60, ndipo mafinya anafalikira mpaka kutsaya. Anamusamutsira ku Elberon, m'mbali mwa nyanja ku New Jersey, kumene anamwalira pa 19 September. Atang'amba mtembo m'pamene anapeza chipolopolocho kumanzere.

Kodi Guiteau sanali wamisala? Nanga anamunyongeranji? (Wowerenga, Chipata)

Loya wake, George Scoville, amene analinso mlamu wake, anayesa kumupulumutsira pamenepo. Guiteau ankatukwana Scoville yemweyo m'khoti, kudula mboni pakamwa, n'kumalakatula ndakatulo. Vuto linali lamulo: silinkafunsa ngati munthu ali ndi mutu wabwino, linkangofunsa ngati ankadziwa chimene akuchita komanso kuti n'cholakwika. Munthu amene anasankha mfuti, anazembera pulezidenti kwa masabata, ndipo tsiku lina anamuleka poona kuti mkazi wa pulezidentiyo, Lucretia, ndi wodwala, n'kovuta kunena kuti sankadziwa. Ife tikuona kuti mutu wake unalidi wosokonekera, koma dziko linali litakwiya moti panalibe khoti limene likanamusiya.

Guiteau anatsutsanso kuti iye anangowombera, opha anali madokotala. Mfundoyi inali ndi choonadi, koma pa lamulo wovulaza mnzake amayankha mlandu wa imfa yochokera pa balalo. Anapezeka wolakwa pa 25 January 1882, nanyongedwa pa 30 June. Arthur, amene Guiteau ankamudalira uja, anakana kumukhululukira, ndipo mu 1883 anasaina lamulo la Pendleton, loti ntchito zina za boma anthu azizipeza polemba mayeso.