Fani ya musiling'i: yankho kwa mayi a ku Lilongwe

Mayi ena a ku Lilongwe andilembera imelo. Mwana wawo wa ku Sacramento, mzinda wa ku America, akuwauza kuti aike fani yaikulu musiling'i, yokoka mphepo m'nyumba monse, ndiye mayiwo akufunsa ngati ingathandize kuno.

Mayi, funso lanu landikhudza kwambiri. Ine ndinakulira ku Chikwawa, m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Mwezi wa Okutobala malata ankathetheka masana onse, ndipo usiku ukagwira khoma linkakhala likadali lotentha. Tinkayala mphasa pakhonde, amayi akutikupiza ndi chitenje chonyowa, udzudzu uli m'makutu. Mlongo wanga wamng'ono ankatuluka tizilonda ta thukuta m'khosi, n'kumalira mpaka tambala woyamba.

Nditamanga nyumba yanga ku Zomba ndinkati siling'i ithetsa zonsezi. Ayi ndithu. Mmisiri anamata njerwa mpaka kukafika kumalata, osasiya ngakhale kabowo. Tsiku lina masana ndinasuzumira m'mwambamo, mpweya unandiwomba kumaso ngati ndatsegula uvuni. Kutentha kumeneko kulibe kothawira, kumatsikira kuchipinda usiku wonse. Zimandiwawa kuti timathira ndalama pa matailosi ndi mageti, koma za mpweya wa m'denga palibe amazitchula. Nyumba yaudzu ya agogo inkazizira bwino kuposa yanga yamakonoyi, ndipo ndimati kumanga kotseka chonchi n'kulakwira ana ogona m'menemo.

Tsono za fanizo

Zilipo ziwiri. Ina imangotulutsa mpweya wotentha pakati pa siling'i ndi malata. Imene akunena mwana wanuyo imaikidwa musiling'i mukolido, imakoka mphepo ya panja kudzera m'mazenera n'kuikankhira kudenga kuti ituluke. Ku Sacramento imagwira bwino chifukwa masana kumaotcha koma madzulo kumabwera kamphepo kozizira kochokera kunyanja. Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, usiku kumazizirako, choncho ikuthandizani. Wa ku Chikwawa sindingamuuze zomwezo.

Muziyatsa dzuwa litalowa, mazenera ali otsegula, ndipo akhale ndi sefa wotchinga udzudzu. Mbaula ya moto isakhale m'nyumba. Koma musanagule, itanani mmisiri abowole potulukira mpweya kudenga, chifukwa popanda mabowo fani ingolira pachabe. Muikenso chija chozungulira ndi mphepo pamwamba pa malata, chimene ena amati whirlybird. Chimenecho magetsi akazima chimazungulirabe.