Kwa mayi amene mukuti mulibe umboni woti mupereke

Mayi, mwafunsa kuti munthu angayamike bwanji Mulungu pamene anzake pa nthawi ya maumboni akunena za ntchito zatsopano, galimoto ndi maulendo a ku Johannesburg, chonsecho kwanu mukudalira ufa wa walkman ndipo lendi ya mwezi watha simunamalize. Funso limeneli si la munthu wopanda chikhulupiriro ayi, ndipo ine ndinadzifunsapo funso lomweli pamene bambo a kunyumba ntchito inawathera ku Kanengo, tili ndi ana atatu pa sukulu.

Chimene chinandithandiza ndi nkhani ya mana pa Eksodo 16. Aisraele anadya mana zaka 40 m'chipululu, koma Mulungu sankawapatsa odzaza nkhokwe. Aliyense ankatola omukwanira tsiku limenelo, ndipo amene anasungako ofika mawa anawapeza atagwa mphutsi ndi kununkha, kupatula pa tsiku lachisanu ndi chimodzi pamene ankatola a masiku awiri chifukwa cha Sabata. Tsiku loyamba anadabwa n'kumafunsana kuti ichi n'chiyani, koma pofika pa Numeri 21 anthu omwewo ankati mitima yawo yanyansidwa nacho chakudyacho. Mana sanasinthe, koma maso awo ndiwo anazolowera. Ndikuona kuti vuto lathu ambiri ndi lomweli: chozizwitsa chikabwera m'mawa uliwonse timasiya kuchitcha chozizwitsa.

Kunyumba kwathu ku Kawale chaka chimenecho ndinayamba kulemba m'kope lakale la mwana chinthu chimodzi chimene Mulungu watichitira tsiku lililonse ndisanagone. Ndikaliwerenga lero ndimaseka, chifukwa mulibe chachikulu. Muli tsiku limene madzi anabwera pa mpope cha m'ma 3 koloko usiku atasowa masiku angapo, ndipo ndinadzaza zigubu zonse ana ali m'tulo. Muli tsiku limene kondakitala wa minibasi anandisiya ndikwere ndalama zitaperewera, n'kungoti amayi khalani. Mulinso Lachinayi lina pamene amayi awiri a Chigwirizano anafika ndi beseni la mgaiwa ndi kambale ka usipa, osadziwa kuti m'mawa umenewo ndinali nditakung'untha thumba. Wina anganene kuti awa ndi anthu chabe osati Mulungu, koma ine sindinaonepo Mulungu akutsitsa beseni kuchokera kumwamba. Amatuma miyendo ya anthu.

Muonenso bwino mawu a pa 1 Atesalonika 5:18. Paulo akuti tiyamike m'zonse, sakuti tikondwere ndi zonse. Simukukakamizidwa kunama kuti njala ikukoma kapena kuti ngongole ndi mdalitso, pakuti ngakhale Masalmo adzaza ndi madandaulo a anthu amene ankalira pamaso pa Mulungu mosabisa. Habakuku naye anayamba ndi kuwerenga zimene zasowa, mkuyu wosaphuka, minda yopanda zokolola ndi makola opanda ng'ombe, kenaka ndi pamene ananena kuti adzakondwerabe mwa Yehova.

Za maumboni a kutchalitchi ndinene mosapsatira kuti nthawi zina timawasandutsa mpikisano, ndipo atsogoleri athu ayenera kusamala, chifukwa mayi wamasiye amene wakhala kumbuyo amabwerera kwawo akuganiza kuti Mulungu amakonda okhawo a makiyi a galimoto. Pa akhate 10 aja a pa Luka 17 onse anachira, koma amene Yesu anamuyamikira ndi Msamariya mmodzi amene anabwerera kudzagwa pa mapazi ake. Sanabwere ndi chuma, anangobwera ndi pakamwa.

Bambo aja anakhala chaka ndi miyezi asanapeze maganyu okhazikika, ndipo mpaka lero si kuti tinalemera. Kope lija linadzaza, tsopano ndili pa lachitatu. Dzulo ndinalembamo kuti magetsi anazima nsima itapsa kale.