Kodi Nkhungu Ingateteze Chimanga ku Matenda?

FUNSO: Chaka chatha mmera wanga wa chimanga unafota usanafike pena paliponse, ndipo nditazula ndinapeza mizu itawola. Ndamva kuti m'nthaka muli nkhungu yomwe ingathandize pa vuto lotere, koma ndikukayika chifukwa ndimadziwa kuti nkhungu ndiyo imawoletsa mbewu. Kodi n'zoona? Ndine mlimi amene amawerenga magaziniyi.

YANKHO: Zikomo chifukwa cha funso lanu. N'zoona ndithu, ngakhale kuti kukayika kwanu n'komveka. M'nthaka muli mitundu yambiri ya nkhungu, yomwe akatswiri amaitcha mafangasi. Ina, monga Fusarium ndi Rhizoctonia, imawoletsa njere ndi mizu ya mmera, pamene ina, makamaka Trichoderma, imakhala pamizu n'kumalimbana ndi yowonongayo. Katswiri wina, Weindling, anafotokoza kale mu 1932 kuti Trichoderma imadya mafangasi anzake.

Nkhunguyi imakula msanga, choncho imalanda malo ndi chakudya pamizu adani asanakhazikike, ndipo ikakumana nawo imawakulunga ndi timaulusi take n'kutulutsa timadzi tosungunula khungu lawo. Imalimbikitsanso chitetezo cha chomeracho.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse n'chakuti Trichoderma ndi chamoyo, ndipo ntchito yake ndi kuteteza, osati kuchiritsa mizu yomwe yawola kale. N'chifukwa chake ufa wokhala ndi nkhunguyi umapakidwa ku mbewu patsiku lodzala, kuti mizu ikamatuluka ipeze mlonda ali kale pamalo. Usungeni pozizira, osati padzuwa, ndipo onani tsiku lomwe mphamvu yake ithere, pakuti ufa wakufa sungakuthandizeni. Mankhwala ena opha mafangasi amaiphanso, kotero ngati mbewu yanu ndi yopakidwa kale mankhwala, funsani mlangizi wa zaulimi musanasakanize. Manyowa owolerana bwino amaipatsa chakudya, koma nthaka yodikha madzi siigwirizana nayo, ndipo ine ndingayambe ndakonza ngalande ndisanagule chilichonse. Kasinthasintha wa mbewu musamusiye.

Pa vuto la chuku pali njira yofanana nayo. Bungwe lofufuza za ulimi la IITA ndi anzake anapanga mankhwala otchedwa Aflasafe kuchokera ku mitundu ya nkhungu ya chuku (Aspergillus flavus) yosatulutsa poizoni, ndipo alimi amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti chimanga chimasule, kuti nkhungu yabwinoyo ifike pazisononkho yapoizoni isanafikepo.