Musagule RAM, achimwene, vuto lili pa mzere umodzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wina wa ku Area 25 amene amasamala data ya kafukufuku kuntchito kwawo. Mwachidule, ali ndi laputopu ya RAM 4 GB yokhala ndi Ubuntu 22.04, ndipo amalembera mu Emacs, pulogalamu yotsegulira ndi kulembera mafayilo (editor). Fayilo ya CSV ya 60 MB imatseguka bwinobwino, koma kafayilo ka JSON ka 8 MB kochokera ku seva kamaumitsa chilichonse (CSV ndi JSON ndi mitundu ya mafayilo osungira data). Akadina batani lotsikira m'munsi amadikira masekondi angapo, fani ikulira ngati chigayo. Anamaliza ndi funso ili: "Kodi ndiwonjezere RAM? Ndafunsa kale mitengo m'mashopu a ku Old Town, ndikungodikira malipiro a mwezi uno."

Achimwene, ndalamayo isungeni. Yankho mwalinena kale nokha pamene mwati fayilo yaikulu ikutseguka koma yaing'ono ikukanika. Chikanakhala kuti RAM ndiyo yachepa, ya 60 MB ija ikanayamba ndiyo kukuvutitsani. Tsegulani terminal mulembe wc -l kenako dzina la fayilo ya JSON ija. Ndikukhulupirira kuti ikuyankhani 0 kapena 1. Mukatero lembani wc -L, L wamkulu, yomwe imanena kutalika kwa mzere wautali kuposa yonse. Muona nambala ya mamiliyoni. Fayilo yonseyo ndi mzere umodzi. Seva imachotsa mipata ndi modulira mizere monse kuti fayilo ichepe poyenda pa intaneti, popeza kwa makina anzake zimenezo n'zopanda ntchito. Amene amavutika nazo ndi munthu ndi editor yake.

Nanga mzere umodzi umalemera bwanji chonchi? Taganizani za mayi wogulitsa zitenje mumsika wa Lilongwe. Zitenje zikakhala zodula kale, zopindapinda pa benchi, mukafuna cha nambala 37 amangowerenga mwachangu n'kuchisolola. Koma ikakhala nsalu ya mpukutu wosadula, inu n'kunena kuti mukufuna kuona pa mita 37, sangachitire mwina koma kuyamba kuyeza kuchokera kunsonga. Editor ili chimodzimodzi. Kuti idziwe chilembo chomwe chikhale pakona ya sikirini, iyenera kudziwa pomwe mzere wakhala ukupindikira, ndipo kuti idziwe zimenezo imayambira kumutu kwa mzere n'kumayeza chilembo chimodzichimodzi. Singangochulukitsa nambala ayi, chifukwa zilembo sizifanana m'lifupi: tab ili ndi muyeso wake, zilembo za Chitchaina zimatenga malo a ziwiri, ndipo ngakhale ŵ wathu wa mu Malaŵi ndi mabaiti awiri mu UTF-8 pomwe pa sikirini ndi chilembo chimodzi. Mzere ukakhala wa zilembo 80, kuyezako sikumveka n'komwe. Ukakhala wa zilembo 8 miliyoni, ndiye kuti mukangodina batani kamodzi, mayi uja wabwereranso kunsonga ya mpukutu. N'chifukwa chake mudzaona kuti kumayambiriro kwa fayilo zinthu zimayendako, koma mukamalowa m'kati zimanka ziipiraipira.

Pamwamba pa kuyezako pali zokongoletsa. Emacs ikaona fayilo ya JSON imafuna kupaka mitundu pa mawu ndi manambala, imafuna kukuonetsani bulaketi yotseka ya bulaketi iliyonse yotsegula, ndipo zambiri mwa ntchito zimenezi zinalembedwa poganiza kuti mzere ndi kanthu kakafupi. Palinso china chomwe ambiri sachidziwa. Kuyambira pa Emacs 24, yomwe inatuluka mu 2012, pulogalamuyi imatha kuonetsa bwino Chiarabu ndi Chiheberi, zilankhulo zolembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ntchito imene anaigwira Eli Zaretskii. Ndi ntchito yabwino kwambiri, ndipo amene amalemba Chiarabu amaithokoza. Koma lamulo la Unicode la kalembedwe kameneka limafuna kuti mabulaketi apezeredwe anzawo, ndipo JSON ndi mabulaketi okhaokha. Choncho Emacs imakhala ikufufuza mbali yomwe mawu akulowera m'fayilo momwe mulibe ngakhale chilembo chimodzi cha Chiarabu.

Tsono chochita choyamba, chomwe ine ndimachikonda kuposa zonse, si kukonza editor ayi. Dulani nsaluyo. Python ili kale mu Ubuntu wanuyo, simuwononga bandulo:

python3 -m json.tool --no-ensure-ascii yakale.json > yatsopano.json

Fayilo yatsopanoyo idzakhala yaikulu kuposa yakale chifukwa cha mipata yomwe yawonjezedwa, koma idzatseguka nthawi yomweyo, ndipo mudzatha kuiwerenga ngati munthu. Umenewo ndiwo umboni woti kukula kwa fayilo sikunali vuto. Mawu akuti --no-ensure-ascii musawasiye. Mukawasiya, ŵ aliyense asanduka \u0175, ndipo pofufuza dzina la mudzi kapena la mfumu lokhala ndi chilembo chimenechi simulipeza. Anawonjezedwa mu Python 3.9, ndipo Ubuntu 22.04 imabwera ndi 3.10, choncho inu muli bwino. Amene ali ndi pulogalamu ya jq angathe kulemba jq . yakale.json, ndipo pa XML pali xmllint --format.

Apa ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: dzina la kumanja kwa chizindikiro cha > likhale losiyana ndi la kumanzere. Ine zinandionekera. Tsiku lina madzulo magetsi atazima, batire itatsala pang'ono, ndinafulumira n'kulemba dzina lomwelo mbali zonse ziwiri. Terminal imayamba yapukuta fayilo ya kumanja isanayambitse pulogalamu, ndiye Python inapeza fayilo yopanda kanthu, n'kudandaula, ine n'kutsala ndi mabaiti 0. Ndinakhala mumdima ndikuyang'ana sikirini, ndikudziwa kuti m'mawa ndiyenera kukapemphanso fayilo yomwe anzanga anavutika nayo kuitulutsa. Mpaka lero ndimawerenga kawiri ndisanadine Enter.

Mwina wina akuuzani za fold -w 200, yomwe imadula mzere uliwonse pa muyeso womwe mwaipatsa. Pongofuna kuona ndi maso ndi yabwino, koma imadula paliponse, ngakhale pakati pa mawu, ndipo zotulukazo si JSON yoti n'kubwezera ku seva. Ngati cholinga n'kungosuzumira, pulogalamu ya less imakwanira, ndipo simasintha kanthu m'fayilo.

Nthawi zina kudula sikutheka, mwina chifukwa fayiloyo iyenera kubwerera momwe inabwerera. Apo ndiye timauza Emacs kuti isiye zokongoletsa. Ubuntu 22.04 imabwera ndi Emacs 27.1 ya mu 2020, ndipo mwayi wanu ndi woti imeneyi ndiyo inayamba kubwera ndi so-long, yolembedwa ndi Phil Sainty. Lembani M-x customize-option (M-x ndi kudina Alt ndi x pamodzi), kenako global-so-long-mode, muiyatse n'kusunga. Kuyambira pamenepo, Emacs ikaona mzere wautali imazimitsa mitundu ndi zina zolemetsa, n'kutseka fayilo kuti isalembedwemo mwangozi. Mukafuna kulembamo dinani C-x C-q (C- ndi batani la Ctrl), mukafuna kubwerera ku maonekedwe a masiku onse dinani C-c C-c. Mu init.el, fayilo yomwe Emacs imaiwerenga poyamba ntchito, ikaninso setq-default ya bidi-paragraph-direction ikhale left-to-right, ndi setq ya bidi-inhibit-bpa ikhale t. Ngati simulemba Chiarabu kapena Chiheberi, palibe chomwe mutaye. Ndipo pa fayilo yomwe mukuidziwa kale kuti ndi yovuta, M-x find-file-literally imaitsegula yosavala kanthu, ngakhale kuti ŵ aoneka ngati manambala achilendo.

Dziwani kuti so-long ya mu 27.1 imangoyang'ana mizere 5 yoyambirira, n'kuona ngati pali wopitirira zilembo 250. Pa JSON yanuyo zikwanira, popeza mzere wake ndi woyamba womwewo. Koma fayilo ya log yomwe mzere wautali wabisala pakati singaigwire. Mu Emacs 28.1 anakonza kuti izifufuza fayilo yonse, ndipo malire anawakweza kufika pa 10,000.

Ndinene zoona, so-long imapeputsa katundu koma sithetsa kuyeza kuja. Kumeneko kunakonzedwa mu Emacs 29.1, yomwe inatuluka mu July 2023. M'menemo muli long-line-threshold, yomwe imabwera ili pa 50,000: mzere ukapitirira pamenepo, Emacs imasiya kubwerera kumutu kwa mzere, imangoyeza kachigawo kozungulira pomwe inu muli. Kusiyana kwake n'kwakukulu ndithu. Ubuntu 24.04 imabwera ndi Emacs 29.3, choncho ngati pali pomwe mungaikepo ndalama pang'ono, ndi pa bandulo yokwezera Ubuntu, kapena mupite ndi laputopuyo pomwe pali Wi-Fi yodalirika. Musanakweze, koperani mafayilo anu pa flash.

Anzathu a ma editor ena nawonso nkhaniyi ikuwakhudza, kungoti aliyense anaizemba mwa njira yake. Vim ili ndi synmaxcol, yomwe imasiya kupaka mitundu mzere ukadutsa zilembo 3,000. Ikamalemerabe, itsitseni kufika pa 200, kapena tsegulani fayiloyo ndi vim -u NONE kuti pasakhale plugin iliyonse. VS Code imasiya kupaka mitundu pa mizere yopitirira zilembo 20,000, ndipo imaonetsa zilembo 10,000 zoyambirira zokha za mzere pamene word wrap ili yozima. Ena amaganiza kuti data yawo yaduka, pomwe ilipo yonse, yangobisidwa.

Achimwene, pali chinanso chomwe ndikufuna mukachione kuntchito kwanuko. Mafayilo otere sagwa kumwamba, pali pulogalamu yomwe imawatulutsa, ndipo kawirikawiri imatha kuuzidwa kuti iziwatulutsa odula kale. Amene amasunga database ndi mysqldump amadziwa kuti imalongedza mizere yambirimbiri ya tebulo mu INSERT imodzi yaitali, koma mukawonjezera --skip-extended-insert, mzere uliwonse wa tebulo umakhala pawokha. Fayilo imakula ndipo imachedwerako poibwezera mu database, koma imawerengeka, ndipo grep, pulogalamu yofufuzira mawu m'fayilo, imakupatsani mzere umodzi womveka m'malo mokuthirani chimulu cha zilembo pa sikirini. Amene analemba pulogalamu ya pa seva yanuyo mufunseni ngati angaikepo njira yotulutsira JSON yokhala ndi mipata. Mu Python ndi kungowonjezera indent=2 pa json.dump, ntchito ya mphindi imodzi.

Mukayesa, mundilemberenso nambala yomwe wc -L yakupatsani ndi zomwe M-x emacs-version ikunena. Ngati nambalayo ili yaing'ono, mwachitsanzo yosafika 1,000, ndiye kuti ndaphonya, ndipo tidzayang'ana mu init.el yanu kuti tione package yomwe ikudya nthawi.