N'chifukwa chiyani mphunzitsi amalandira zochepa chonsecho aliyense amamutamanda?

Bambo wina wanditumizira funso pa imelo. Iwo akufuna kudziwa chifukwa chimene boma limalipirira aphunzitsi ndalama zosafikitsa kumapeto kwa mwezi, chonsecho dokotala, woweruza milandu ngakhalenso nduna anadutsa m'manja mwa mphunzitsi. Akuganiza kuti mwina n'chifukwa chakuti sukulu siziika ndalama m'thumba la boma monga mmene amachitira otolera msonkho.

Bambo, maganizo anuwo ndi omveka, koma ine ndikuona kuti gwero la vutoli lili kwina. M'boma munthu salipidwa potengera kufunika kwa ntchito yake koma potengera giredi imene ali. Mphunzitsi wa ku pulayimale akamaliza maphunziro ake ku koleji ya aphunzitsi, kaya ku Kasungu, ku Karonga kapena ku Machinga, kwa zaka zambiri wakhala akuyambira pa giredi yotsika ya L, imene aphunzitsi eni ake amaitchulabe kuti PT4. Popeza aphunzitsi ndiwo gulu lalikulu kuposa onse pakati pa ogwira ntchito m'boma, kukweza malipiro awo ngakhale pang'ono kumasanduka mabiliyoni a makwacha pa bajeti, ndipo ndi pamenepa pamene a ku Unduna wa Zachuma amayamba kuzengereza. Kuchuluka kwawo, kumene kukanakhala mphamvu yawo, ndiko kumawapweteka.

Mbiri nayonso ili ndi mbali yake. M'chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Pofuna kupeza oima kutsogolo kwa makalasiwo, boma linalemba anthu pafupifupi 20,000 amene anali asanaphunzire ntchitoyi, n'kuwaphunzitsa pambuyo pake. Ganizo lotsegula sukulu kwa mwana aliyense linali labwino, koma linasiya maganizo oipa akuti uphunzitsi ndi ntchito imene aliyense angagwire, ndipo ntchito imene anthu amaiona choncho siivuta kuitchipitsa.

Komabe chimene chimapweteka kwambiri si malipiro oyambira ayi. Ndi kukhala pa giredi imodzimodziyo kwa zaka zambirimbiri osakwezedwa, mwina mpaka ana amene munthuyo anawaphunzitsa kulemba dzina atabwera kudzaphunzitsa naye limodzi pa giredi yomweyo. Palinso nkhani ya ma alawansi. Wogwira ntchito ku likulu la unduna amayenda m'misonkhano ya ku nyanja n'kumalandira ndalama zogonera ndi zodyera, zimene nthawi zina zimaposa malipiro ake a pamwezi, pamene mphunzitsi wa Sitandade 1 amene ali ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo, ngakhale kuti ndondomeko ya boma imafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, alibe msonkhano uliwonse womuitana. Iye amaweruka atanyamula mulu wa makope oti akachonge usiku ndi kuwala kwa tochi ya pafoni. Tsiku lolandira likafika amakwera kabaza kupita kuboma kukaima pa mzere wa kubanki, ndipo ena mwa iwo khadi lawo la banki limakhala lili kale m'manja mwa wakatapila.

Tikayang'ana zimene aphunzitsi akhala akunyanyalira ntchito, tiona kuti nthawi zambiri sakhala akupempha zachilendo. M'chaka cha 2017 bungwe la aphunzitsi la Teachers Union of Malawi linatsogolera sitalaka chifukwa cha ndalama za tchuthi zimene boma linachedwa kupereka, ndalama zimene zinali zawo kale. Mu 2021 anasiyanso choko pofuna alawansi yogwirira ntchito pa nthawi ya Covid-19. Pamwamba pa zonsezi, ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero kuti zimene zinawonjezeredwa pa malipiro zinamezedwa ndi mtengo wa ufa, sopo ndi lendi.

N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti yankho lagona pa kuwonjezera peresenti yofanana kwa aliyense, pakuti njira imeneyi imapindulira kwambiri amene ali kale pamwamba. Mukakumana ndi phungu wanu, bambo, mufunseni zinthu zimene zingathe kuwerengedwa: kodi ndi aphunzitsi angati m'dera lake amene akwezedwa m'zaka zisanu zapitazi, ndipo ndi angati amene analandira kalata yowakweza koma malipiro awo sanasinthe? Mufunsenso za achinyamata amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi koma akudikirabe kunyumba kuti boma liwalembe ntchito, pamene kalasi ya mwana wanu ili ndi mphunzitsi mmodzi yekha.